Chimbale chimakoma ukachimvera chonse

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za zimbale poti ana a masiku ano akungodziwa kanyimbo kamodzikamodzi ka pa TikTok basi.

Ine ndinakulira ku Chinamwali ndipo amalume anali ndi kaseti ya Thriller ya Michael Jackson, ija inatuluka mu 1982, tinkaimvera mpaka wailesi kutafuna tepi, ife n'kumaikulunga ndi bolopeni, mabatire akafooka timakawayanika padzuwa kuti mwina atipatseko nyimbo ziwiri zina. Nyimbo zake 9 zokha koma palibe yodumpha. Ndinadzadziwa nditakula kale kuti gitala yolusa ija mu Beat It anaimba ndi Eddie Van Halen, munthu wa rock, ndiye amene amati rock ndi phokoso chabe aja anavina rock osadziwa.

Brothers in Arms ya Dire Straits, ya 1985, ndimaisungira mwezi wa June nkhungu ikatsika m'phiri la Zomba muja, Mark Knopfler wa gululi amaimba gitala ndi zala zokha ndipo imachita kumveka ngati ikulira.

Ku hip-hop ndiye musandiyambe. Illmatic ya Nas, 1994, nyimbo 10 basi, mnyamata akungofotokoza za kwawo ku Queensbridge, mumzinda wa New York, koma umachita kuona ngati ukuyenda naye. Lauryn Hill ndi chimbale chake cha 1998 anatenga ma Grammy 5 usiku umodzi, ndipo anayenera.

Dzana ndinapita kwa mnyamata wina wobena nyimbo mumsika kuti andiikire Illmatic yonse pa memory card, mwa ndondomeko yake. Anandiyang'ana n'kundifunsa, "Madala, yomwe ikuhita ndi iti pamenepa?"

Wokonda zimbale,
Matawale, Zomba