Tiwaonetse njira ana ofuna kudzajambula mapulani a nyumba

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi makolo anzanga, aphunzitsi a m'sekondale komanso akuluakulu oyendetsa maphunziro a ukachenjede m'dziko muno. Ine ndine mmisiri womanga nyumba. Ndagwira mpeni ndi levulo kwa zaka zoposa 30, ndipo masiku ano ndimayang'anira anyamata pantchito ngati folomani. Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi funso limene anandifunsa mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Fomu 3, patchuthi chapitachi.

Makope a mwanayu kumapeto kwake n'kodzaza nyumba zojambula. Sajambula nyumba yongooneka kumaso ayi. Amaijambula ngati waisasula denga n'kumaisuzumira ali pamwamba: apa chipinda cha makolo, apa pabalaza, khomo lakuseri lili apa, zenera la kukhitchini layang'ana uku kuti utsi uzituluka. Atandiona ndikutambasula pulani ya nyumba ina imene tikumanga, anati, "Malume, anthu amene amalemba mapepala amenewa amaphunzira kuti? Nanga ine ndingakafikeko?" Kusukulu kwawo anali atafunsa kale, ndipo anangomuuza kuti mtsikana wanzeru ngati iye aganizire za unamwino kapena uphunzitsi. Ntchito zimenezo n'zolemekezeka, koma si zimene mwanayu anafunsa.

Ndinamulonjeza yankho, ndipo ndinafunsafunsa kwa anthu amene ndimakumana nawo pasaiti. Ndalilemba pano chifukwa ana a funso lomweli alipo ambiri.

Khomo lalikulu lili ku Blantyre, ku yunivesite ya MUBAS, imene ambirife tikuitchulabe kuti Poly. Inali nthambi ya University of Malawi mpaka 2021 pamene inaima payokha. Kumeneko kuli digiri ya Architectural Studies, ndiyo ya ojambula mapulani a nyumba. Pambali pake pali Quantity Surveying, ya anthu owerengera kuti nyumba idya matumba angati a simenti, malata angati ndi ndalama zingati. Palinso maphunziro a oyeza malo, a okonza kakhalidwe ka mizinda, ndi a mainjiniya amene amawerengera kuti mzati kapena bimu ifuna zitsulo zingati kuti inyamule chimene chili pamwamba pake. Ku Mzuzu University nakonso amaphunzitsa zoyeza malo ndi mapulani a matauni. Kusankhidwa kumadzera ku bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede la NCHE potengera zotsatira za MSCE: pafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa maphunziro amenewa masamu ndi fizikisi ndiwo amayang'anidwa kwambiri. Mwana wongodziwa kujambula koma n'kumathawa masamu adziwiretu ali ku Fomu 1 kuti akudzitsekera yekha khomo.

Kusiyana kwa ntchito zimenezi ngakhale akuluakulu sitikudziwa. Aliyense wovala chipewa cholimba timangomuti injiniya. Koma architect ndi munthu amene amakhala pansi ndi mwini nyumba, n'kumva kuti m'banjamo muli anthu angati, amaphikira pa mbaula kapena pa magetsi, agogo amabwera kudzakhalitsa kapena ayi. Kenako amapita papoloti kukaona kumene dzuwa limatulukira, kumene mphepo imachokera ndi kumene madzi a mvula amathamangira. Pulani imabadwa pamenepo. Ife amisiri timangoiika m'njerwa.

Makolo adziwenso kuti digiri si mathero. Womaliza maphunziro amayamba wagwira ntchito pansi pa katswiri wovomerezeka asanalembedwe m'kaundula wa bungwe lovomereza akatswiriwa la Board of Architects and Quantity Surveyors, ndipo ena amapita kunja kukawonjezera maphunziro. Ku South Africa, mwachitsanzo, ulendowu umatenga zaka 5 za kuyunivesite ndi zina 2 zogwira ntchito moyang'aniridwa. Komanso ndi maphunziro odya m'thumba: mapepala, zida zojambulira, makatoni opangira tinyumba tachitsanzo, ndi laputopu yamphamvu yotha kuyendetsa mapulogalamu ngati AutoCAD. Ndikupempha a bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira kuti aziganizira zimenezi, chifukwa mwana wa kumudzi atha kusankhidwa koma n'kulephera chifukwa chosowa chogwirira ntchito.

Tsopano ndifike pachimene chikundiwawa kwambiri. Khomo la kuyunivesite ndi lopapatiza, malo ndi ochepa, ndipo olowapo ambiri ndi ochokera m'sukulu zokhala ndi malabotale ndi aphunzitsi okwanira. Phunziro la Technical Drawing limapezeka m'sukulu zowerengeka chabe. M'masekondale oyendera ambiri ana amamaliza Fomu 4 osagwirapo rula yojambulira mapulani yotchedwa T-square. Pamene mbali inayi tili ndi makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Lilongwe, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, kuphatikizapo makoleji a m'madera amene anayamba mu 2015, kumene pansi pa bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA anyamata ndi atsikana akuphunzira kumanga, ukalipentala ndi kuika mapaipi. Mwa ana amenewa ndaonamo ena amene amawerenga pulani msanga kuposa ine, ena amene amaona cholakwika papepala khoma lisanakwere. Mnyamata wina amene ndinagwira naye ntchito anaona yekha kuti masitepe a nyumba yosanjikiza, monga anajambulidwira, munthu wamtali azidzagunda mutu pokwera. Ananena zoona, pulani inakonzedwa. Lero akadali kuyendera maganyu, ndipo amajambulira anthu timapulani pa kope popanda pepala lililonse lomuvomereza.

Chifukwa chiyani mwana wotere asakhale ndi makwerero ooneka bwino, ochoka pa satifiketi ya ntchito zamanja, kufika pa dipuloma ya zojambula, mpaka pa digiri, zimene anaphunzira kale ndi zaka zake za pasaiti zikuwerengedwa? Makwererowo alembedwe poyera m'chilankhulo chomveka, aziikidwa pa bolodi m'koleji iliyonse, ndipo pakhale makalasi a madzulo ndi a kumapeto kwa sabata oti munthu aziphunzira akugwirabe ntchito yodyetsa ana ake.

Wina asati n'zosatheka. Francis Kéré wa ku Burkina Faso, amene mu 2022 anakhala munthu woyamba wa ku Africa kulandira mphoto ya Pritzker, yomwe ndi yaikulu kwambiri pa ntchito imeneyi, anayamba ndi ukalipentala. Anapita ku Germany pa maphunziro a ntchito zamanja, anamaliza sekondale pa makalasi a usiku, kenako analowa yunivesite ku Berlin. Sukulu ya pulayimale imene anamanga kwawo ku Gando mu 2001 ndi ya njerwa za dothi lakomweko losakaniza ndi simenti pang'ono, ndipo denga la malata analikweza pamwamba kuti mpweya wotentha uzituluka. Anthu a m'mudzimo ndiwo anaimanga. Kwathu konkuno, tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, anachijambula ndi M'busa David Clement Scott yemwe sanapiteko kusukulu ya zojambula nyumba, ndipo amene anaumba njerwa ndi kukweza makoma ake anali makolo athu. Chilipobe mpaka lero. Sindikunena kuti sukulu ndi yosafunika. Nyumba za masiku ano, za masilabu ndi zitsulo, sizimangidwa mongoyerekeza. Ndikunena kuti luso limakhalanso m'manja mwa anthu amene sanapeze mapointi okwanira tsiku limodzi la mayeso.

Nkhaniyi si ya ntchito za ana athu zokha. Yendani m'Ndirande, ku Mtandire kapena ku Chinsapo, muwerenge nyumba zimene zinamangidwa ndi pulani yodutsa ku khonsolo. Zambiri pulani yake inalembedwa pansi ndi kamtengo, mwini nyumba ndi mmisiri atagwirizana. Maziko osazama, njerwa zomangidwa ndi dothi, popanda bimu yomanga makoma pamodzi, khonde lalifupi loti mvula izimenya khoma. Chivomezi cha ku Karonga cha mu December 2009 chinagwetsa nyumba zotere. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anakokolola nyumba za m'mphepete mwa phiri la Soche, ku Chilobwe, n'kupha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera. Ndinagwirako ntchito yokonza nyumba zina zimene zinatsala, ndipo pena chimene chinasowa chinali ngalande chabe yolondolera madzi, kapena munthu wouza mwini malo kuti apa ndi panjira ya madzi, musamangepo. Akatswiri ovomerezeka amene tili nawo ndi ochepa, ambiri ali m'mizinda, ndipo mphunzitsi wa pulayimale wofuna nyumba ya zipinda zitatu sangakwanitse kuwalipira. Pakufunika gulu lalikulu la apakati, ophunzitsidwa bwino ndi ovomerezeka, oti azipezeka paboma paliponse n'kumajambulira anthu wamba nyumba zolimba pa mtengo wofikirika.

Ndipo ophunzira a kuyunivesite nawo azitumizidwa kwa ife msanga, osati chaka chomaliza. Ndalandirapo pulani yokongola yofuna zipangizo zosapezeka m'sitolo iliyonse ya m'boma limene timamangalo. Wojambula amene ananyamulapo buloko, anakandapo matope, anaona mmene njerwa za dothi lotsindira zimaumira, sajambula zotere. Popeza malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zikuluzikulu pofuna kuteteza mitengo, tikufunika ojambula odziwa mabuloko ndi dothi lotsindira ndi manja awo, osati pakompyuta pokha.

Pempho langa kwa a MUBAS ndi a bungwe la akatswiri ojambula mapulani a nyumba la Malawi Institute of Architects ndi lakuti tulukani, pitani m'masekondale oyendera, mutenge pulani imodzi ndi kanyumba kachitsanzo, muimirire kutsogolo kwa ana a Fomu 1 ndi Fomu 2 asanasankhe maphunziro. Mutengenso amayi amene akugwira ntchitoyi, atsikana awaone ndi maso. Mwana wa mlongo wanga ndamugulira buku la masamu ndi rula yaitali, ndipo tchuthi chikubwerachi ndimutenga kusaiti, akagwire chingwe tikamayeza maziko, aone mmene mzere wa papepala umasandukira ngalande.

Ine wanu,
Mmisiri womanga nyumba,
Blantyre