Mimba sichepa ndi tiyi, minofu siigulidwa m'chitini

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere kuyambira mwezi wa June, pamene mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa zaka 21 amene akuphunzira ntchito zamanja mumzinda muno, anafika kunyumba kwanga ku Chibavi atakumbatira chitini chachikulu cha ufa umene amati umakulitsa minofu. Anachigula kwa munthu wina wotsatsa malonda pa WhatsApp, ndipo ndalama imene anapereka inali ya lendi ya mwezi umenewo. Pachitinipo panali chithunzi cha chimunthu cha mikono ngati mitondo, koma zolembedwazo zinali m'chinenero chimene tonse awiri sitinathe kuwerenga, ndipo tsiku lothera ntchito linali litafufutika. Anandiuza monyadira kuti, "Amalume, pofika Khirisimasi simudzandizindikira." Nditamufunsa chimene anadya tsikulo, anayankha kuti m'mawa anamwa tiyi ndi mandasi awiri, masana anadya tchipisi chapachiwaya, ndipo madzulo anali asanaganizire.

Sindinamuseke, chifukwa zaka zitatu zapitazo inenso ndinapusitsidwa chimodzimodzi, kungoti ine ndinkafuna kuchepetsa thupi pamene iye akufuna kulikuza. Ndili ndi zaka 46 ndipo ntchito yanga ndi yokhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinafika polemera makilogalamu 96, ndipo anzanga akandiona ankati zinthu zikundiyendera, ena n'kumandisisita pamimba akunditcha bwana. Tsiku lina ndinapita kuchipatala chifukwa cha mutu umene sunkasiya, ndipo anandipeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Namwino amene anandiyeza anatenga chingwe, anachiyeza kuchokera kuphazi mpaka pamutu panga, anachipinda pakati, kenako anandiuza kuti ndichizungulize pamimba, chapamchombo. Nsonga ziwirizo zinakana kukumana, ndipo mpata umene unatsala unali woti dzanja langa lonse n'kulowa. Anandifotokozera kuti kuzungulira kwa mimba ya munthu wamkulu kusamapitirire theka la msinkhu wake, popeza mafuta okhala m'mimba, ozungulira chiwindi ndi matumbo, ndi amene amayenderana kwambiri ndi matenda a shuga ndi a mtima. Pambuyo pake ndinamva kuti kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS amene anachitika m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, choncho sindinali ndekha.

Mantha anandithamangitsira kwa ogulitsa. Ndinagula tiyi wochepetsa thupi amene anangonditsegula m'mimba sabata yathunthu. Ndinagulanso lamba womanga pamimba, ndipo m'mawa uliwonse, m'chisanu cha Mzuzu chija cholowa m'mafupa, ndinkathamanga nditadzikulunga mapulasitiki m'kati mwa jekete kuti ndituluke thukuta lambiri. Sikelo inkatsikadi pang'ono, koma ndikangomwa madzi inkabwerera pomwe inali, chifukwa thukuta ndi madzi ndi mchere, si mafuta osungunuka. Ndinayesanso masewera a pamimba, kugona chagada ndi kudzuka maulendo 100 tsiku lililonse, osadziwa kuti thupi silichotsa mafuta pamalo pokhapo pamene munthu akugwiritsa ntchito. Limachotsa pang'onopang'ono m'thupi lonse, ndipo kwa abambo ambiri pamimba ndi pamene pamatsalira.

Amene anandibweza panjira ndi bambo wina wachikulire amene anapuma usilikali, yemwe ali ndi kajimu kuseri kwa nyumba yake kuno ku Chibavi. Mukalowamo simupezamo makina onyezimira. Muli chitsulo cha galimoto yakufa chimene anachimangirira zitini za penti zodzaza simenti mbali zonse ziwiri, benchi ya matabwa a paini, paipi yopingasa pa mitengo iwiri, ndi zigubu za malita 20 zimene zikadzaza madzi zimalemera makilogalamu 20 chimodzi. Tsiku loyamba sanandilole kugwira chitsulo chachikulu. Anandipatsa kope la ana asukulu ndi pensulo, n'kunena kuti, "Achimwene, pano timalemba. Wosalemba amangosewera." Ndinkapita masiku atatu pa sabata, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ndipo zochita zake zinali zochepa: kunjuta ndi kudzuka nditasenza cholemera, kutola chitsulo pansi msana uli wowongoka, kukankha, ndi kudzikoka pa paipi ija. Chilichonse ndinkachichita maulendo 8 mpaka 12, n'kupuma, n'kubwerezanso mpaka katatu. Ndikafika pa 12 mosavutikira, ankawonjezera kulemera pang'ono, ine n'kulemba m'kope.

Chinsinsi chonse chagona pa kuwonjezera kumeneko. Mnofu umakula ukapatsidwa ntchito yoposa imene unazolowera, ndipo sukula panthawi yonyamulayo ayi, umakula pamene munthu akupuma, makamaka ali m'tulo, ngati wadya zokwanira. N'chifukwa chake mnofu umene wagwira ntchito yolemetsa umafuna tsiku limodzi kapena awiri usanabwerezenso, ndipo munthu wamkulu amafuna tulo ta maola osachepera 7. Anyamata ambiri amene ndimawaona amanyamula tsiku lililonse, mikono ndi chifuwa zokhazokha, chitsulo chomwechomwecho chaka chonse, miyendo ili ngati ya adokowe, kenako n'kumadandaula kuti akusowa mankhwala. Malangizo a 2020 a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata, kuwonjezera pa mphindi 150 mpaka 300 za kuyenda ndawala, kupalasa njinga kapena zina zotere. Masiku awiri si chinthu chosatheka ngakhale kwa munthu wotanganidwa.

Komabe, a Mkonzi, nkhani yaikulu ili m'mbale, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kuchedwapo, popeza ndi pamene chikhalidwe chathu chimatikola mwendo. Tinakula tikuphunzitsidwa kuti chakudya ndi nsima, ndipo ndiwo ntchito yake n'kungopititsira nsimayo. Mwana akatapa ndiwo zambiri amadzudzulidwa kuti ndi wankhuli. Kwa makolo athu amene ankalima kuyambira tambala woyamba, kutema nkhuni ndi kuyenda mitunda, mitanda itatu inali ndi ntchito yake. Koma ine amene ndimakwera kabaza kupita kuntchito, n'kukhala pampando maola 8, mitanda itatu yomweyo inkangosanduka mafuta. Thupi limasunga mphamvu iliyonse imene silinagwiritse ntchito, ndipo kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 7,700. Palibe tiyi, lamba kapena mankhwala azitsamba amene angadumphe masamu amenewa. Munthu amachepa thupi akamadya mphamvu zocheperako kusiyana ndi zimene akugwiritsa ntchito, ndipo liwiro labwino ndi kutaya theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata. Wothamangira kuposa apo podzimana chakudya amataya minofu pamodzi ndi mafuta, amafooka, ndipo akatopa n'kuyambanso kudya, mafuta amabwerera koma minofu siibwerera yokha. Apa ndi pamene kunyamula zitsulo kumathandizira munthu wonenepa, chifukwa kumachititsa thupi kusunga minofu pamene likuwotcha mafuta.

Chimene chinandidabwitsa n'choti mdani wanga wamkulu sanali nsima, koma zinthu zimene sindinkaziwerengera ngati chakudya. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene ya ufa kapena shuga ili ndi 4, ndipo ya mowa weniweni ili ndi 7. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, kutanthauza kuti masupuni atatu okha amabweza pafupifupi mphamvu zonse zimene munthu wa thupi ngati langa amawotcha akayenda ola lathunthu. Aliyense amene anaimapo pachiwaya n'kuona mmene mbatata zimasambira m'mafuta angadziwerengere yekha. Botolo la mamililita 300 la chakumwa chozizira chotsekemera limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8, pamene a WHO amalangiza kuti tisapitirire masupuni ngati 12 pa tsiku lonse, ndipo ine ndinkathira anayi m'kapu imodzi ya tiyi, kawiri pa tsiku. Za Loweruka, mowa ndi kanyenya wonona, ndisanene zambiri, mayi a kunyumba angawerenge kalatayi.

Ndinachepetsa nsima kufika pa mtanda umodzi ndi theka, ndipo ndinabwerera ku mgaiwa, umene umasunga m'mimba nthawi yaitali kuposa ufa woyera. Malo amene anatsala m'mbale ndinadzazamo masamba, kaya mpiru, chisoso, nkhwani kapena bonongwe, ndi ndiwo zomanga thupi. Munthu wamba amafuna magalamu 0.8 a mapuloteni, amene ndi zomanga thupi za m'chakudya, pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku, koma wonyamula zitsulo amapindula akafika cha pa 1.6, ndiye kuti mnyamata wa makilogalamu 70 akufunika magalamu ngati 110. Zimenezi zimapezeka mumsika waukulu wa Mzuzu popanda kufunsa wa pa WhatsApp. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya mkaka kapena chambiko ili ndi 8, ndipo kapu ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15. Usipa wouma wa ku Nkhata Bay, umene ena amauchitira manyazi akakhala ndi alendo, kuposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndipo popeza timadya ndi minga yomwe, umalimbitsanso mafupa. Nyama ya soya ija ya m'mapaketi, nandolo, khobwe ndi nzama, zonsezi n'zomanga thupi. Mtedza nawonso ndi wabwino, ngakhale kuti wofuna kuchepa thupi asamautafune ngati chimanga chokazinga, chifukwa pafupifupi theka lake ndi mafuta. Abale athu okonda kondowole adziwe kuti chinangwa chili ndi mapuloteni ochepa kwambiri kuyerekeza ndi chimanga, choncho mbale ya kondowole imafuna nsomba kapena nyemba zochulukirapo. Kunena zoona, palibe chachilendo apa. Ndi magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe aja amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa amayi kusikelo ya ana, kungoti abambofe tinkaganiza kuti uthengawo si wathu.

Ufa wa m'zitini uja, ukakhala weniweni, nthawi zambiri umachokera ku mkaka wa ng'ombe kapena soya, ndipo si poizoni, komanso si matsenga. Ndi chakudya chodula chabe, chimene sichingathandize mnyamata wodya mandasi ndi tchipisi tsiku lonse. Chimene chimandiopsa ndi majekeseni ndi mapiritsi okulitsa minofu amene anyamata amanong'onezana m'majimu. Mankhwala amenewa amafufumitsadi thupi msanga, koma amawononga chiwindi ndi mtima, amayambitsa vuto la kuthamanga kwa magazi, amameretsa mawere mwa amuna, ndipo amatha kuchititsa kuti mwamuna asabereke. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'miyezi 14 ndinatsika kufika pa makilogalamu 83, ndipo nsonga za chingwe chija zinakumana. Koma apa ndinakumana ndi vuto limene palibe anandichenjeza. Anthu anayamba kundiyang'ana ndi maso achisoni. Kutchalitchi mayi wina anandigwira dzanja n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndinapita kukayezetsa, ndipo azakhali anga kumudzi anaitanitsa mkazi wanga kuti akafotokoze chifukwa chimene akundimanira chakudya. Ndikumvetsa kumene maganizo amenewa anachokera, popeza tinataya abale ambiri m'zaka zimene kuonda kunali chizindikiro cha matenda osachiritsika. Komatu mantha omwewo ndi amene akuchititsa anthu ambiri kukhalabe ndi kunenepa kumene kukuwadwalitsa, makamaka amayi, amene amaopa kuti akachepa thupi anthu anena kuti banja lavuta. Amayi ena amaopanso kuti zitsulo ziwasandutsa ngati amuna, chonsecho thupi la mkazi lili ndi mahomoni achimuna ochepa kwambiri moti zimenezo sizichitika mwangozi. Ndiponso mayi amene amasenza ndowa ya malita 20 pamutu, mwana ali kumbuyo, kukwera zitunda za ku Masasa, ananyamula kale zolemera kuposa zimene ine ndinayambira. Achikulire nawo asadzipatule, chifukwa minofu imayamba kuchepa yokha munthu akapitirira zaka 30, ndipo agogo amene amatha kudzuka pamphasa osagwira khoma ndi amene anasunga mphamvu za m'miyendo. Ndingochenjeza kuti amene ali ndi vuto la mtima, impso, shuga kapena kuthamanga kwa magazi ayambe waonana ndi achipatala asananyamule zolemera kapena kuchulukitsa mapuloteni, ndipo asasiye mankhwala awo chifukwa choti ayamba masewera. Ine ndimamwabe anga.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi loti mutipatseko danga m'nyuzipepala yathuyi momwe akatswiri a kadyedwe azifotokoza nkhanizi m'Chichewa, potengera nsima, usipa ndi nyemba zimene timadyadi, osati zakudya zimene sitinazionepo. Ndipemphenso a bungwe loona za mankhwala la PMRA ndi a Malawi Bureau of Standards kuti aziyang'anako zitini ndi matiyi amene akugulitsidwa pa mafoni, komanso akhonsolo ya mzinda wathu aganizireko zozika mapaipi ochitirapo masewera pa mabwalo a m'madera ngati Zolozolo, Chiputula ndi Mchengautuwa, chifukwa mtengo wake sungafike patali. Mwana wa mchemwali wanga uja ndinamulipirira lendi, koma ndinamuuza kuti adzandibwezera. Pano amabwera kujimu ya bambo aja masiku atatu pa sabata, ali ndi kope lakelake, ndipo Lamulungu amadzadya nafe nyemba ndi usipa. Chitini chija chili pansi pa bedi langa, sitinachitsegule, ndipo wogulitsayo sakuyankhanso foni.

Ine wowerenga wanu,
Chibavi, Mzuzu