Dokotala wakana opareshoni yochepetsa thupi: kalata kwa mwana wanga ku Leeds

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tadzuka bwino, kaya iwe ndi adzukulu angawo. Mawu ako a pa WhatsApp ndawamvera kawiri, ndipo ndamva m'mene unatulukira kwa dokotala mtima uli wosweka. Ndasankha kukulembera chifukwa zokamba pafoni zimauluka ndi mphepo, pomwe izi ndikufuna ukhale nazo m'manja tsiku lokaonananso naye.

Choyamba, zindikira ntchito ya munthu wakukanizayo. GP, dokotala wa kudera amene umayamba kuonana naye ukadwala, sachita opareshoni, ndiponso si iye wogamula kuti ukuyenera kapena ayi. Yake ndi kulemba kalata yokutumiza kwa akatswiri. Ogamula ali kuchipatala chachikulu, ndipo ndi gulu: dokotala wa opareshoni, dokotala wa shuga, katswiri wa zakudya, wa zamaganizo, ndi uja wogonetsa anthu m'chipinda cha opareshoni. Tsono ukabwererako usakanene kuti "ndikufuna opareshoni". Ukanene kuti "ndikupempha munditumize akandiunike ngati ndikuyenera opareshoni". Dokotala wosakonda opareshoniyi angathe kutsutsa pempho loyambalo tsiku lonse, koma lachiwirili n'lovuta kulikana popanda chifukwa chomveka.

Wati anakuuza kuti BMI yako, nambala yoyerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu, sinafike 40. Tiwerengere limodzi. Ndiwe wamtali mamita 1.62 ndipo sikelo ikukupatsa makilogalamu 104. Ukachulukitsa 1.62 ndi 1.62 ukupeza 2.62, ukagawa 104 ndi nambala imeneyo ukupeza 39.6. N'zoona sunafike 40, koma 40 si malire okhawo. Malangizo a bungwe la NICE, amene madokotala a NHS, zipatala za boma ku England, amatsatira, amati munthu atumizidwe kukaunikidwa ngati BMI ili 40 kapena kuposa, kapenanso ngati ili pakati pa 35 ndi 39.9 ndipo ali ndi matenda amene angachepe thupi likatsika, monga shuga, BP, kapena kubanika kutulo. Palinso mfundo ina imene madokotala ena saikumbukira: kwa ife akuda ochokera ku Africa, komanso amwenye ndi ena a ku Asia, manambalawa amatsitsidwa ndi 2.5, chifukwa shuga ndi matenda a mtima amatigwira thupi lisanakule kwambiri. Kwa iwe 40 ikhala 37.5, ndipo 35 ikhala 32.5. Kuwonjezera apo, shuga yako anaipeza zaka zitatu zapitazo. Malangizo omwewo amati munthu wa shuga ya mtundu wachiwiri yosapitirira zaka khumi, BMI yake ili 35 kapena kuposa, aunikidwe mwachangu, chifukwa shuga ikakhala yatsopano mpata woti igone pambuyo pa opareshoni umakhala waukulu. Mu 2023 a NICE anachotsanso lamulo loti munthu ayambe wayesa njira zina zonse asanatumizidwe. Madera ena amafunabe kuti udutse kaye pa pulogalamu yawo ya kadyedwe kwa miyezi ingapo. Akakuuza zimenezo usaone ngati akukuthamangitsa, lembetsa tsiku lomwelo kuti miyezi iyambe kuwerengeka.

Komabe usapite ndi manambala ngati nkhwangwa. Safunsa anadya phula. Funso lako loyamba likhale ili: "Adokotala, mukuopa chiyani pa ine?" Ukafunsa ukhale chete, umusiye alankhule mpaka amalize. Yankho lake ndi limene likuuze chochita, pakuti kukana kulipo kwa mitundu iwiri.

Kulipo kukana kokuteteza. Ngati atchula fodya, akunena zoona: fodya amachedwetsa kupola kwa pamene asoka ndipo amabweretsa zilonda m'chifu, n'chifukwa chake zipatala zambiri zimafuna munthu asiye milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa opareshoni isanachitike. Ngati atchula mowa, akunenanso zoona, chifukwa pambuyo pa opareshoni mowa umalowa m'magazi msanga kwambiri ndipo ena amene sanali zidakwa amagwa m'chizolowezi. Ngati akuona kuti umadya mosadziletsa ukakhumudwa, kapena matenda a nkhawa sanakhazikike, kapena ukuganiza zotenga mimba posachedwa, zonsezi n'zifukwa zoyenera kuimika kaye. Pa mimba ndinene mosabisa: pamafunika kudikira miyezi 12 mpaka 18, chifukwa thupi likamatsika mofulumira mwana m'mimba amasowa chakudya. Ndipo kubereka kumabwerera msanga thupi likachepa, pomwe mapilitsi olera sadalirika pambuyo pa bypass, mtundu wina wa opareshoniyi umene ndiufotokoze kutsogoloku. Lupu kapena kachipangizo kolera ka pamkono n'zimene amalimbikitsa. Kukana kwa mtundu uwu kuli ndi mathero. Mufunse kuti: "Ndikakonza chimenechi, mudzanditumiza? Tionanenso liti?" Tsikulo lilembedwe musanasiyane.

Kulipo kukana kwina kochokera m'maganizo ake chabe: "ingochepetsani kudya", "yendani kwambiri", "opareshoni ndi njira ya aulesi". Apa usakwiye, koma usagonje. Thupi likataya makilogalamu chifukwa chodzimana, limadziteteza ngati kwagwa njala. Homoni ya njala yotchedwa ghrelin imakwera, ndipo thupi limachepetsa mphamvu imene limawotcha. N'chifukwa chake anthu ambiri onenepa kwambiri amatsika kenako n'kubwerera pomwe anali, ngakhale ali olimba mtima. Opareshoni imasintha mahomoni omwewo, sikungochepetsa thumba la chakudya ayi. Ku Sweden anatsatira anthu oposa 4,000 kuyambira mu 1987, ena ochitidwa opareshoni ena ayi, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2007 zinaonetsa kuti imfa zinali zochepa pakati pa ochitidwa opareshoni. Ngati akuopa kuti ungafere pa tebulo, m'zipatala zimene zimachita opareshonizi kawirikawiri imfa zimakhala pafupifupi munthu mmodzi pa 1,000 kapena kucheperapo. Si zero, ndipo ine mayi ako nambala imeneyi siindigonetsa tulo. Koma shuga yosamva mankhwala nayo imadya impso, maso ndi mapazi mwakachetechete, ndipo chiopsezo chimenecho chiyeneranso kuikidwa pa sikelo yomweyo.

Angathenso kukuuza kuti uyambe wayesa jakisoni wochepetsa thupi wa Wegovy kapena Mounjaro. Ameneyu si mdani wako. Mankhwalawa amagwiradi ntchito, ndipo Mounjaro amathandizanso shuga. Chofunika kudziwa n'chakuti ukasiya kubaya, thupi la anthu ambiri limabwerera. Ungavomere kuyesa, koma upemphe kuti kalata yokutumiza ipite nthawi yomweyo, chifukwa mzere wa NHS ndi wautali ndipo zinthu ziwirizi sizitsekerezana.

Pokonzekera, pempha nthawi yowirikiza kawiri, popeza mphindi khumi za masiku onse sizikwana. Tenga pepala limodzi lokha. Ulembepo kulemera kwako chaka ndi chaka, njira zimene unayesa ndi utali wake ndi makilogalamu amene anatsika n'kubwerera, mankhwala onse amene ukumwa, ndi HbA1c yako yomaliza, ndiye kuti muyeso wa magazi woonetsa m'mene shuga yakhalira miyezi yapitayi, imene uipeza pa NHS App. Amuna ako apite nawe, chifukwa za mkonono ndi kubanika usiku amazidziwa ndi iwo. Iwe umakhala uli mtulo. Akanena kuti umasiya kupuma n'kudzidzimuka, pempha akupime za kubanika kutulo. Zikapezeka, n'chifukwa china chokutumizira, komanso ogonetsa anthu amafuna kuzidziwa opareshoni isanachitike.

Akakanabe, nena modekha kuti: "Chonde lembani m'mbiri yanga kuti ndapempha kutumizidwa, mwakana, ndi chifukwa chake." Nthawi zambiri munthu akafunsidwa kulemba chifukwa amachiganiziranso. Zikakanika, pempha kuonana ndi GP wina pa sejale yomweyo, ndiye kuti pa kachipatala ka ma GP komweko, makamaka amene amaona odwala shuga, kapena lankhula ndi nesi wa shuga amene amakudziwa kale. Uli ndi ufulunso wosamukira ku sejale ina popanda kufotokoza chifukwa. Kudandaula kwa woyang'anira sejale kubwere pomaliza, ndipo kukhale kolemba, kotchula masiku ndi mawu amene ananenedwa, kopanda chipongwe.

Ndikukuletsa kukangana naye chifukwa opareshoni ndi ya maola ochepa koma GP udzamufuna moyo wako wonse. Gulu la kuchipatala limakutsatira zaka ziwiri, kenako limakubwezera kwa iye. Ndi iye wodzakuyeza magazi chaka ndi chaka, wodzakubaya jakisoni wa B12 miyezi itatu iliyonse, wodzachepetsa mankhwala a shuga ndi BP thupi likamatsika kuti usakomoke ndi mlingo wakale. Dokotala amene sakhulupirira opareshoniyi komanso safuna kuiphunzira si wokhala naye pambuyo pake. Ngati ali wotero, samuka opareshoni isanafike.

Zokachitidwa opareshoni ku Turkey zija unatchula utakwiya, ndikukupempha, zisiye. Mtengo ndi wotsikadi, koma ambiri amakwera ndege patangopita masiku ochepa, nthawi imene magazi amaundana mosavuta m'miyendo n'kuthamangira kumapapo, ndiponso nthawi imene posoka pangayambe kudontha. Boma la Britain lachenjezapo za anthu ake amene anamwalira atapita kukachitidwa maopareshoni kumeneko. Ukabwerako ndi vuto a NHS adzakupulumutsa pangozi, koma chisamaliro cha zaka ziwiri chija sudzakhala nacho. Ngati mwaganiza zolipira, lipirani komweko ku England, ndipo mufunse dokotalayo kuti amachita maopareshoni angati pa chaka, ndi kuti ukadwala usiku wa Loweruka udzaimbira ndani.

Dokotala wako adzakukhulupirira akaona kuti ukudziwa zimene ukudzisenzetsa. Tione mitundu iwiri ya opareshoniyi, sleeve ndi bypass. Pa sleeve amadula n'kuchotseratu pafupifupi magawo anayi mwa asanu a chifu, chotsalacho chimakhala ngati nthochi, ndipo sichibwezeka. Vuto lake lalikulu ndi chilungulira. Ngati uli nacho kale, unene, chifukwa bypass ingakuyenere kuposa. Pa bypass amasiya kathumba konga dzira n'kukalumikiza kumatumbo a kutsogolo. Imathandiza kwambiri shuga, koma ukadya zotsekemera mtima umagunda, thukuta limatuluka, m'mimba mumatsegula. Zonse ziwiri zimatsitsa pafupifupi gawo limodzi mwa anayi la kulemera kwa munthu kapena kuposerapo pang'ono, ndiye kwa iwe tikunena za makilogalamu 75 mpaka 80, osati thupi la utsikana, ndipo ena amabwererako pang'ono pakapita zaka. Milungu iwiri isanafike opareshoni udzadya zochepa kwambiri kuti chiwindi chiphwe, chifukwa chimaphimba chifu ndipo chikakhala chonona dokotala amalephera kufikapo. Pambuyo pake udzayamba ndi zamadzi, kenako zonga phala, kenako zofewa, mpaka milungu ngati isanu ndi umodzi.

Mbale yathu idzatembenuka. Ndiwo zidzakhala patsogolo: dzira, nsomba, nkhuku, nyemba zopota, chambiko, kuti upeze magalamu 60 a puloteni kapena kuposa pa tsiku. Nsima idzabwera pomaliza, kambamu kamodzi, ngati malo atsala, ndipo miyezi yoyamba imakonda kukhala pachifuwa. Madzi sumwera pa chakudya. Umadikira theka la ola. Fanta ndi Sobo uiwale. Brufen ndi indocid, amene timangomwa mutu kapena msana ukawawa, angathe kuboola chifu chosokedwa. Usamwe popanda kufunsa, ndipo aliyense wochokera kuno asakubweretsere. Mavitamini, ayironi ndi kashiamu ndi a tsiku ndi tsiku mpaka kalekale. Ukamasanza masiku angapo motsatizana usadikire, chifukwa vitamini B1 imatha msanga m'thupi ndipo kusowa kwake kumawononga ubongo ndi mitsempha. Masiku oyamba, mtima ukamagunda kuposa 120 pa mphindi, thupi likatentha, m'mimba kapena phewa lamanzere likamawawa kwambiri, kapena mpweya ukamaperewera, imbani 999, nambala yoitanira ambulansi.

Za achibale usadere nkhawa. Ukudziwa kuti kuno wonenepa timati akusungidwa bwino, ndipo wowonda mwadzidzidzi anthu amayamba kumunong'onezera matenda. Azakhali ako adzafunsa, ndipo wowayankha ndine. Iwe undiuze chabe kuti ndinene zingati ndi kwa yani. Chimene ndikufuna kumva kwa iwe ndi tsiku lokaonananso ndi dokotala, yankho lake pa funso lija la chimene akuopa, ndi amene adzakhale ndi ana milungu iwiri yoyamba, chifukwa sudzaloledwa kunyamula zolemera, ngakhale kubereka wamng'onoyo.

Upereke moni kwa apongozi anga ndi ana.

Ndine,
Mayi ako