Ndibwezereni K385,000 yanga kapena mukonze cluster yanuyo

Inu a kampani amene munandigulitsa cluster ya Kubernetes (gulu la makompyuta oyendetserapo mapulogalamu a pa intaneti), ndalemba poyera pano chifukwa ku maimelo kwanu kwangoti zii.

Ndinalipira K385,000 ya miyezi itatu, risiti ili m'manja. Ntchito yake inali kuika Moodle, pulogalamu yophunzirira pa intaneti, ya sukulu ina kuno ku Zomba kuti aphunzitsi aziikapo manotsi teremu isanayambe. Ndinaiika ndi Helm, chida choikira mapulogalamu pa Kubernetes, monga mwa nthawi zonse, koma ma pod (tizigawo toyendetsa pulogalamu) onse awiri, ya database ya MariaDB ndi ya Moodle, angoima pa Pending, osayamba kugwira ntchito, mpaka lero. Nditafufuza ndi kubectl describe pod, uthenga wake ukunena za PersistentVolumeClaim yosamangika, kutanthauza kuti pempho la malo a disiki silinayankhidwe. Ndinalemba kubectl get storageclass kuti ndione ngati pali StorageClass, yomwe imapereka malo a disikiwo, yankho nkukhala "No resources found". Kwa amene simudziwa zimenezi, zili ngati kuchita lendi sitolo koma mwini wake osakupatsa malo oikapo katundu. Database ikusowa disiki yosungirapo zinthu, ndipo woyenera kuikonza ndi mwini cluster. Ine ndilibe chilolezo chofika kumeneko.

Sabata yatha ija, kaya linali Lachiwiri kaya Lachitatu, ndinadzuka m'mamawa nkukwera minibasi mpaka ku Limbe. K14,000 kupita ndi kubwera, kuwonjezera apo K3,000 ya kabaza. Ndinadikira pabenchi panu paja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, laputopu ili pamiyendo. Mlonda wanu ndi amene anandipatsa moni, ndipo ndikumuthokoza. Mnyamata wa pa desiki ya support atatulukira, sanayang'ane n'komwe pa sikirini yanga. Maso ali pafoni yake, akuseka zake za pa WhatsApp, kenako anandiuza pamaso pa makasitomala ena kuti, "Achimwene, zinthu izi si za aliyense. Kaphunzireni kaye pa YouTube."

Ine? Munthu woti ndabwera ndi umboni wonse, mzere ndi mzere? Abale, tandiuzeni, ndinalakwa chiyani pamenepa? Ndinapsa mtima moti mawu anandithera. Ndinatseka laputopu nkutuluka, njala ili phwii, minibasi yobwerera nayo yodzaza thothotho.

Akuluakulu a sukulu akundiimbira tsiku ndi tsiku, ndipo mbiri ikuipa ndi yanga. Iwo sadziwa za StorageClass, amangodziwa kuti anandipatsa ntchito ndipo sinatheke.

Zimene ndikufuna n'zosavuta. Ikani StorageClass ya default, masiku onse amene cluster yakhala yopanda ntchito muwabwezere pa akaunti yanga, ndipo mnyamata uja apepese. Ngati simungathe, bwezani K385,000 yonse pamodzi ndi K17,000 ya ulendo, zonse K402,000. Lachisanu likadutsa muli chete, ndikukasuma ku CFTC, bungwe la boma loteteza ogula, ndi risiti, maimelo ndi zithunzi za ma error onse, ndipo ndiika zomwezo m'magulu onse a anthu a ICT amene ndilimo. Musandiuze zoti ndibwere ku inbox. Ndiyankheni pompano, onse aone.