Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe: za pulinta ya 3D yopanga tokha

A cheyamani, a komiti ndi mamembala nonse, ndabwerako bwino ku msonkhano wa magulu ku Lilongwe kumene tinaphunzira kupanga pulinta ya 3D. Malisiti a basi ndi a kogona ali kale ndi a msungichuma, ofuna kuona akaone, poti ndamva kuti ena akuti ndinangopita kukadya alawansi. Werengani kaye kenako muweruze.

Zotsegulira zinali zomwe zija, malankhulidwe a akuluakulu ndi kujambulitsa. Panalinso phunziro la kalembedwe ka pulopozo koma munalibe chachilendo.

Nkhani inali pa pulinta. Kwa amene simunaionepo, imagwira ngati kamfuti ka guluu kaja, kungoti iyi imayendetsedwa ndi mamota. Imakoka pulasitiki wonga waya wotchedwa filamenti, wa 1.75mm, nkumusungunula potulukira pa nozo ya 0.4mm, nde imayala mzere pamwamba pa mzere mpaka chinthu chija chitaima. Ine ndinaona ndi maso anga giya yaing'ono ikutuluka, ndinaigwira ikadali yofunda, abale inu, mano ake onse ali bwinobwino.

Mapulani ake ndi aulere pa intaneti. Zinayamba ndi Adrian Bowyer ku yunivesite ya Bath ku England mu 2005, ntchito yake ankaitcha RepRap, cholinga chinali makina otha kusindikiza zina mwa zipangizo zake zomwe. Mtundu umene tinamanga ku msonkhanoko, pagulu lomwe ndinalimo, ndi Prusa i3, wa Josef Prusa wa ku Czech Republic, unatuluka mu 2012. Ndipo ku Lomé m'dziko la Togo, Afate Gnikou anapanga yake mu 2013 ndi zotola m'makompyuta akutha. Apa holo yonse inaomba m'manja, koma ine ndinene pano kuti tisanamizane zoti zonse tikatola mu msika wa Ndirande.

Zotola zilipo ndithu. Pawa sapulayi ya kompyuta yakale imapereka 12V, ungolumikiza waya wobiriwira ndi wakuda basi yayaka. Tizitsulo tosalala ta 8mm toyendapo mabering'i timapezeka m'mapulinta akale ndi m'mafotokope, mafani ali mbwee, fulemu titha kudula pulayiwudi kapena kuwotcherera tokha bola ikhale sikweya, ikapendama pang'ono chilichonse chosindikiza chimapendamanso. Mamota ndiye pali nkhani. Amafunika ma stepper, mamota oyenda pang'onopang'ono mwa masitepe owerengeka, ambiri amagwiritsa NEMA 17, amene amazungulira kamodzi ndi masitepe 200. Mapulinta a inki atsopanowa ambiri ali ndi mamota wamba, osathandiza. Timamota ta mu DVD timagwira koma timayenda masentimita anayi okha mwina, usindikiza chani pamenepo, batani la malaya? Nde zogula sizithawika: Arduino Mega ndi bolodi ya RAMPS 1.4 zolamulira makina onse, madalaivala a A4988 oyendetsa mamota, malamba a GT2, ndi hot end, kumene kumasungunukira pulasitiki kuja. Hot end yopanga wekha ndakana ine, chinthu chofika madigiri 200 si choseweretsa m'shedi ya matabwa ngati yathu. Pulogalamu yake ya m'bolodi ndi Marlin, yaulere, ndipo anatitsindikira kuti chitetezo chozimitsa hita sensa ikasokonekera chisachotsedwe ngakhale chikukuvutitsa bwanji.

Kunena za shedi, maltimita ya gulu ili kuti? Inabwerekedwa kalekale, buku losainira lilipo koma tsamba lake ndi loyera. Madalaivala aja amafuna kutchuna voteji ndi maltimita, ukangoyerekeza mamota amatentha kapena kudumpha masitepe. Sinditchula dzina, mwini wake akudzidziwa. Drilo nayonso inabwera yopanda kiyi wake ndipo palibe analankhulapo.

Msonkhano unagwirizana kuti magulu aziitanitsa zipangizo limodzi kuti mtengo wotumizira ugawanidwe. Izi ndinavomera, ndi vuto la forex lilipoli kagulu kamodzi sikangathe, chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chochokera kunja ndi moto. Koma ndinafunsa kuti ndalama azisunga ndani, yankho lake linali lozungulira, nde ine ndikuti tisatumize kobiri mpaka zilembedwe.

Mfundo ina inali yoti magulu ayambe kupanga filamenti kuchokera ku mabotolo a zakumwa. Zimatheka, umadula botolo kukhala kalamba kataliitali nkukakoka kudutsa mu nozo yotentha. Koma pulasitiki wa mabotolo amafuna moto wambiri kuposa PLA, pulasitiki wamba wa filamenti, ndipo amakoka chinyezi, komanso akapanda kufanana kunenepa nozo imatsekeka. Ife pulinta yomwe tilibe. Tiyambe ndi PLA wogula, amasindikizidwa cha pa madigiri 200, bedi loyalapo chosindikizacho pa 60, savuta. Zamabotolo zibwere tikadziwa kuyendetsa makina.

Ndikudziwa a gulu la zowotcherera anena kuti bwanji osangogula makina ena owotcherera, kasitomala alipo kale. Zoona. Koma owotcherera ali pa kona iliyonse, pomwe munthu wothyoka nobu ya kuka, kagiya ka pulinta ya mu ofesi kapena tiklipi togwira bampala ya Sienta amazungulira Limbe yense osapeza, mapeto ake amamanga ndi waya. Amenewo ndi athu. Chenjezo lokha, PLA amafewa akafika cha pa madigiri 60, nde za mu injini kapena pa dashibodi yokhala padzuwa tisalonjeze munthu, zimenezo zimafuna PETG kapena ABS, mapulasitiki opirirako kutentha. Ndipo kasitomala sabwera ndi fayilo, amabwera ndi chothyokacho m'thumba, wina mwa ife aphunzire kuyeza ndi veniya ndi kujambula pa pulogalamu ya FreeCAD. Achinyamata awiri aja amene timangowatuma fanta pamisonkhano ndi amene amatha kompyuta, tiwapatse mpata.

Za magetsi musandifunse ngati simukudziwa. Chinthu chimodzi chimatha maola angapo, akazima pakati ndiye kuti pulasitiki wapita. Batire ndi sola ija tinakana kukonza chaka chatha kuti ndi zodula, pano ikufunika.

Tsiku lotsekera kunali masatifiketi, yanga ndibwera nayo. Loweruka ndibweranso ndi giya ija ndi mndandanda wa zogula, amene muli ndi pulinta kapena fotokope yakufa kunyumba musagulitse kwa a sikilapu, bwerani nayo tiphwasule. A msungichuma mutiuzenso amene sanapereke zopereka za miyezi yapitayi, tisanayambe kukamba zoitanitsa.