Madokotala a amayi agwirizane pa mawu olemba m'timabuku ta kuchipatala

Akonzi,

Ndiloleni ndipemphe Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la Medical Council of Malawi kuti aunikire Chingerezi chimene madokotala a matenda a amayi amalemba m'timabuku ta kuchipatala, chifukwa kabukuko mayi amapita nako kunyumba, kumene mwamuna wake, apongozi ngakhalenso mwana wa sukulu amatha kukawerenga.

Chitsegulireni College of Medicine ku Blantyre mu 1991, madokotala athu akhala akuphunzira m'mabuku a ku Britain ndi a ku America omwe, ndipo m'zipatala amagwira ntchito limodzi ndi alendo ochokera maiko osiyanasiyana. Potchula nthambi yoona za matenda a amayi, wina akalemba gynaecology mnzake n'kulemba gynecology, palibe chodetsa nkhawa. Pa mankhwala ndiye payamba kuvuta, popeza pethidine, mankhwala oletsa ululu, ku America amati meperidine, ndipo ergometrine, amene amaletsa kutaya magazi mayi akangochira, amati ergonovine. Madeti nawonso ndi msampha: mlendo wa ku America akalemba 03/04 amatanthauza 4 Malichi pamene mzamba wa kusikelo adzawerenga 3 Epulo, ndipo likakhala tsiku limene mayi anasamba komaliza, tsiku loyembekezera kuchira lasokonekera ndi mwezi wathunthu.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi mawu akuti abortion. M'Chingerezi cha madokotala mawuwa amaphatikiza mimba yochoka yokha ndi yochotsa dala, n'chifukwa chake mayi amene wapita padera amalembedwa incomplete abortion kapena spontaneous abortion. Munthu wamba sadziwa zimenezo. Iye akangoona abortion amamva kuti mayiyo anachotsa mimba, chinthu chimene malamulo a dziko lino, m'ndime 149 mpaka 151 za Penal Code, amachitenga ngati mlandu, ndipo mayi wopezeka wolakwa angathe kulamulidwa kukhala kundende zaka 7. Tangoganizani mayi wofooka, amene akulirabe mwana wake, akufunsidwa pamaso pa ankhoswe kuti afotokoze mawu amene iye mwini sangathe n'kuwawerenga komwe.

Ku Britain anaona kale vutoli. Mu 1985 madokotala ena a ku London analemba m'magazini ya The Lancet kupempha anzawo kuti azinena miscarriage mimba ikachoka yokha, ndipo lero ndiwo mawu ozolowereka m'zipatala za kumeneko. Ife tikukakamiriranji mawu amene eni chiyankhulocho anawasiya, chikhalirecho kuno ndi kumene angathe kuthetsa banja?

Pempho langa ndi lakuti Unduna utulutse mndandanda umodzi wa mawu ovomerezeka, umene madokotala, azamba ndi alendo odzathandiza azitsatira, ndipo mwezi uzilembedwa ndi dzina lake m'malo mwa nambala. Mayi akapita padera, m'kabuku mwake muzilembedwa miscarriage, ndipo asanatuluke m'chipatala azimuwerengera m'Chichewa kapena m'chiyankhulo chake zonse zimene zalembedwamo.

Mzamba wopuma pa ntchito,
Zomba