Kalata kwa makolo: za nyumba za aphunzitsi ndi mitengo ya ku Matandwe

Okondedwa makolo ndi onse olera ana,

Landirani moni wochokera kwa aphunzitsi tonse. Teremu yoyamba yatha ndipo ana tawapatsa malipoti awo. Wina akakuuzani kuti lake latayika panjira, bwerani ku ofesi, malikisi onse ndili nawo.

Chandilembetsa kalatayi ndi nkhani ya nyumba za aphunzitsi. Pamsonkhano wapitawu munadandaula kuti ana a Sitandade 1 amakhala okha mpaka dzuwa kukwera. Simunaname. Koma mayi amene amawaphunzitsa amachita lendi ku Bangula, ndipo ya kabaza amatulutsa m'thumba mwawo, kubwera ndi kubwerera. Tsiku lina mwezi wathawu anafika nsapato zili m'manja, chitenje chitanyowa mpaka m'chiuno, mabuku atawamanga m'jumbo n'kusenza pamutu. Kuno kunali ng'amba, koma mvula inali itagwa kumapiri usiku, mtsinje n'kudzaza. Ndinasowa poyambira kuwadzudzula. Mphunzitsi watsopano akafika pano, asanaone n'kalasi yomwe amayamba wafunsa pogona, ndipo akapeza kuti palibe, chaka sichitha asanapemphe kusamuka. Ku Nchalo kampani ya shuga inaona kalekale kuti wantchito azigona pafupi ndi munda wa nzimbe. Ife bwanji?

Komiti ya sukulu, a PTA ndi mafumu athu agwirizana kuti timange, kuyambira ndi nyumba imodzi. Pa njerwa m'pamene tinakokanakokana. Ena amati tiumbe n'kuotcha uvuni monga mwa kale. Ine ndinakana, ndipo ndikanabe. Kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga saloleza njerwa zootcha pa nyumba za boma. Ngakhale lamulolo pakanapanda, uvuni umodzi umadya tsanya wochuluka bwanji, nanga tikamudula kuti kupatula ku nkhalango ya Matandwe? Tonse tinaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, mmene madzi amatsikira m'mapiri opanda mitengo, atasenza mchenga ndi miyala, makalasi m'chigwa muno n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi.

Tigwiritsa ntchito njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikiza pamakina. Sizifuna nkhuni, zimangofuna mthunzi ndi kuzithirira mpaka zitalimba. Maziko tiwakweza kuti madzi akasefukira asalowe m'nyumba. Kwa inu tikupempha mchenga, miyala ndi madzi, mudzi uliwonse tsiku lake monga anyakwawa adzalengezere. Amisiri tiyamba tafuna konkuno, chifukwa anyamata odziwa kumanga ndi kupala matabwa alipo, ena tinawaphunzitsa tokha pasukulu pano. Mphunzitsi akagona kuno, nsomba, tomato ndi zitumbuwa azigulanso kwa inu nomwe.

Ndikudziwa kuti makope ndi mayunifolomu a ana ena amachokera m'thumba la makala. Sindikuloza munthu chala, mapira akakanika munthu amagwira chomwe chili pafupi. Chokhacho, musatume mwana wa sukulu kukasenza matumba kunkhalango pa holideyi.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Mbande za nimu ndi msangu zimene ana a Sitandade 6 ndi 7 anafesa m'machubu zakula, tizibzala kuzungulira malo a nyumbayo tikangotsegulira. Chaka chatha mbuzi zinatimalizira zonse, ndipo mbuzizo eni ake tikuwadziwa. Ulendo uno mwana aliyense adzabwere ndi khasu komanso nthambi za minga zotchingira mtengo wake.

Madzi ayamba kukwera mu Shire, choncho ana asamakasambe kapena kuwedza okha, ng'ona sizili pa holide. Tsiku lotsegulira lalembedwa kumunsi kwa lipoti.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu